Mfuti pa Chitenje cha Nkhanga

Bambo a kunyumba kwanga anagula kamera chaka chathu chachiwiri ku Washington, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe Mmalawi wa ku Columbia Heights amene anadyanso mwamtendere. Ukati ukweze supuni paphwando la ubatizo, kuwala kuja ng'ani! m'maso. Ntchito yawo yeniyeni inali yoyendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wina ku Massachusetts Avenue, koma mukanawafunsa kutchalitchi kuti amagwira ntchito yanji, akanayamba akhudza kaye chingwe cha kamera pakhosi pawo asanayankhe. Zithunzi zawo zinkadziwikira patali. Anthu ankatuluka ndi maso ofiira ngati apakidwa tsabola, ndipo abusa athu, poti anali aatali, sanatulukepo ndi mutu wathunthu. Komabe aliyense ankalandira chake ndi manja awiri n'kuchitumiza kumudzi, chifukwa jekete ndi nsapato zinkaoneka bwino, ndipo kumudzi chimene ankafuna kuona n'chimenecho.

Ine ntchito yanga inali yosamalira okalamba. Pakati pa zaka za m'ma 1990 kampani imene inandilemba inanditumiza ku Bethesda, kunyumba ya bambo wina wachizungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. M'mawa uliwonse ndinkakwera basi, kenako Metro, sitima ya pansi pa nthaka, n'kumaliza ndi kaulendo ka miyendo pakati pa nyumba zikuluzikulu zopanda munthu panja. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankakhala kutali ndi banja lake. Maso awo anali akutha. Powerenga ankagwira galasi lokuzira malemba, lalikulu ngati sosala, n'kumaliyendetsa papepala pang'onopang'ono ngati munthu wosita malaya. Ndinkawatchula kuti agogo. Atafunsa tanthauzo lake ndinawauza, iwo n'kunena kuti dzinalo n'labwino kuposa mayina amene mwana wawo amawapatsa akakwiya.

M'chipinda chochezera, pamwamba pa malo osonkhapo moto, panali mfuti. Inali ya mipope iwiri, yosakira abakha, yakalekale. Tsiku loyamba nditaiona mtima unangoti myuu. Kwathu mfuti timaiona kwa wapolisi kapena msilikali, ndipo ukaiona umasintha njira. Kuno munthu waipachika pakhoma ngati kalendala! Agogo anandiseka. Anati zipolopolo anazitaya zaka zambiri zapitazo, mfutiyo inangosanduka nkhalamba inzawo yopanda mano. Patapita miyezi ndinaizolowera moti sindinkaionanso.

Vuto linabwera tsiku limene ndinapita kukachotsa dzino. Kampani inatumiza mayi wina wachilendo kuti akandiimire. Iye polowa anapeza agogo atakhala pampando, mfuti ili pamiyendo, akuipaka mafuta ndi kansalu monga ankachitira mwezi uliwonse. Mayiyo sanafunse kanthu. Anatuluka liwiro la mtondo wadooka n'kukaimba foni kunyumba yoyandikana nayo. Sabata isanathe kalata inafika, yonena kuti mfuti ichoke m'nyumbamo mwezi usanathe, apo ayi palibe wantchito wa kampaniyo adzapondemonso. Mwana wawo uja anaimba foni n'kuwonjezera zake. Anati popanda owasamalira sangawasiye okha, awatengera kunyumba yosungirako okalamba. Mwamuna wake abwera Loweruka lomaliza la mweziwo, ndipo m'galimoto mwake mukwera chimodzi, mfuti kapena agogo.

Nyumba zosungirako okalambazo ine ndinagwiramo ntchito chaka chathunthu, ndiye sindinkachita kumva kwa wina. Sikuti anthu amazunzidwa, ayi. Koma munthu wozolowera khomo lake, amene amadziwa ndi mapazi pamene pali mpando ndi pamene pali chitseko, ukamuika m'chipinda chachilendo maso ali osaona, sachedwa kuzima. Agogo aja ndinkawakonda, ndinene mosabisa, ndipo ndinachita mantha.

Koma iwo anatemetsa nkhwangwa pamwala. Masiku atatu ndinawanyengerera, lachinayi ndinawakalipira ngati bambo anga ondibereka, zimene buku la malamulo a kampani silinkalola.

"Agogo, mukufuna kusiya nyumba yonseyi chifukwa cha chitsulo chopanda ndi chipolopolo chomwe?"

Anayankha m'Chingerezi chawo chokoka mawu chija.

"Aitenge. Koma pakhoma paja ndiyenera kumaonapo kanthu. Undipatse chithunzi chake, choti ndi maso angawa ndikachiyang'ana ndinene kuti iyi ndi mfuti yanga. Ndikaizindikira, ipite."

Apa ndi pamene pakamwa panga panandigulitsa.

"Zimenezo n'zosavuta," ndinatero. "Amuna anga ndi katswiri wojambula zithunzi."

Nditakawauza bambo a kunyumba, anaimirira n'kuyamba kuyendayenda m'kachipinda kathu ngati aitanidwa kukajambula pulezidenti.

"Mayi, bweretsani mfutiyo kuno. Ndiijambulira pano pabedi, modekha."

"Ndibwere nayo bwanji? Pa Metro?"

"Mungoikulunga m'chitenje, no problem."

"Bambo, mukufuna kuti ojambulidwa tikhale ifeyo? Kupolisi, chakumaso ndi cham'mbali?"

Tinagwirizana kuti ntchitoyo ikagwiridwe ku Bethesda komweko. Loweruka anavala suti ya kuntchito, nsapato zopolishidwa, kamera pakhosi. M'chikwama ananyamula chitenje changa chatsopano cha nkhanga, chimene achemwali anga ananditumizira, ndi maluwa apulasitiki a pa wailesi yakanema yathu. Ine sindinatsutse. Ndikanatsutsa chiyani? Kwathu chinthu cholemekezeka sachigoneka popanda kanthu. Baibulo la paguwa, wailesi yatsopano, mphatso ya ukwati, zonse zimakhala pa nsalu yabwino. Mfuti ya munthu wamkulu ikanagona bwanji patebulo lamaliseche?

Anayala chitenje patebulo lodyera, anagoneka mfuti, maluwa uku ndi uku. Anatseka makatani kuti dzuwa lisasokoneze fulashi, n'kuyamba kung'animitsa ngati mphezi za mu Januwale. Anajambula ali chiimire, atagwada, atakwera pampando. Filimu itatsala pang'ono kutha anandipatsa kamera kuti ndiwajambule iwo atagwira mfutiyo, kuti achimwene awo kumudzi akaoneko. Agogo anangokhala pampando wawo akuphethira, n'kufunsa ngati kunja kukubwera mvula.

Lolemba ndinapita nazo zithunzizo. Ndinali nditaziona kale m'sitima, choncho ndinalowa m'nyumba mwakachetechete ngati mwana woswa mbale. Pamene panayenera kuoneka mipope panali kuwala koyera mbee, chifukwa chitsulo chinabweza fulashi yonse. Mtengo wogwirira mfuti unasowa pakati pa mawanga a nkhanga. Agogo anayendetsa galasi lawo lija pa chithunzi choyamba, chachiwiri, chachitatu.

"Mbalamezi n'zonenepa bwino," anatero. "Kwanu mumazidya?"

"Timadya, agogo."

"Nanga mfuti yanga ili pa chithunzi chiti?"

Chimodzi chokha chimene chinatuluka bwino chinali cha bambo a kunyumba atatulutsa chifuwa, koma pamenepo mfutiyo inaduka pakati, poti wojambula ndinali ine.

Bambo anati vuto ndi otsuka zithunzi, anthu a ku America sadziwa ntchito. Ine ndinawakumbutsa kuti ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo tinadya chakudya chamadzulo aliyense akuyang'ana mbale yake. M'mawa mwake ananena, ngati kuti maganizowo ndi awo, kuti tikaonane ndi mnzawo wina wa ku Zambia amene tinkapemphera naye, yemwe ankagwira ntchito m'sitolo yotsuka zithunzi. Anali wa ku Chipata koma wokulira ku Lusaka, munthu wofatsa, wa zala zazitali. Anayala zithunzi zija pakauntala, anaziyang'ana, n'kutembenuka ngati akufuna kanthu pashelefu. Mapewa ake okha ndi amene ankagwedezeka.

"Ba mulamu," anatero atapukuta maso, "manje apa mwenze kukopa chani? Nkhanga olo mfuti?"

"Timajambula mfuti," anayankha bambo, nkhope ili gwa.

"Awe, sorry. Mvelani. Fulashi iyi muzimye. Chisulo chili monga galasi, chibweza light yonse. Segulani makatani, tebulo muike pafupi na windo, koma osati pa zuba. Nsalu ikhale ya colour imozi chabe, yotuwa. No nkhanga, no maluba, please."

Zuba, m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, ndi dzuwa. Anapitiriza kutiphunzitsa ngati ana a sukulu ya mkaka. Mbali ina ya mfuti, kumene windo silifika, wina agwire chikatoni choyera kuti chibweze kuwala n'kufewetsa mthunzi. Kamera isakhale m'manja, chifukwa popanda fulashi kunjenjemera pang'ono kokha kumawononga chithunzi. Ikhale pa chinthu chosagwedezeka, ndipo podina munthu agwire mpweya. Asajambule kuchokera pamwamba ngati akuyang'ana m'chitsime, koma atsike afanane ndi tebulo. Bambo a kunyumba sanalembe ngakhale liwu limodzi. Pa mfundo iliyonse ankangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, inenso ndimaganiza chomwecho."

Loweruka lotsatira tinabwereranso. Ndinatenga bulangete lotuwa la pabedi pa agogo, tinakokera tebulo pawindo limene dzuwa silinkalowapo. Kamera inakhala pa mabuku anayi akuluakulu. Ine ndinaima ndi chikatoni changa mpaka mikono inachita dzanzi, uku ndikulamulidwa kuti kwezani, tsitsani, ayi mwatsitsa kwambiri. Bambo atawaletsa fulashi ankaoneka ngati mlaliki wolandidwa maikolofoni, koma anamvera. Podina ankagwira mpweya mpaka misempha ya m'khosi kutuluka, ndipo agogo, pomva kubanika kwawoko, anandifunsa monong'ona ngati amuna anga ali ndi mphumu.

Titapita kukatenga zithunzi ndinaziyala pakauntala n'kuziyang'anitsitsa. Mipope iwiri ija inaoneka yakuda bwino, kuwala kukuyenda pamwamba pake mosalala. Pa chitsulo cha pakati panali timasamba ndi tiabakha tozokotedwa, timene miyezi yonseyo sindinadziwe kuti tilipo. Mtengo wake unaonetsa mizere yake yonse. Tsiku limenelo amuna anga ndinawayang'ana ndi maso ena, ndipo ndinanyada, ngakhale sindinawauze, poti akanafufuma osalowanso pakhomo.

Mnzathu wa ku Zambia anasankha chimodzi. Anati achikuza, adula m'mbali kuti mwendo wa mpando ndi chala changa chogwira chikatoni zisaoneke, ndipo mtengowo auwalitsa pang'ono. Ndi pamene bambo anaika chala pa chithunzicho.

"Nanga ichi?"

Pa mtengo wa mfuti, pamene munthu amatsamiza tsaya akamalozetsa, panali chipsera chakuya, chotalika ngati chala, ndipo mozungulira mwake polishi anali atachoka.

"Ningachose," anatero mnzathuyo. "Nili na ka burashi kang'ono, kamene nichosela viphuphu pa nkhope za akwati. Koma ni mfuti ya bene, ba mulamu. Mwafunsa?"

"Tifunse chiyani?" anatero bambo. "Chotsani."

Pano ndiyenera kunena zoona, ngakhale kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwasenzetsa okha mlanduwu. Inenso ndinati chichoke, ndipo ndinanena mokweza kuposa iwo. Kwathu munthu sapita kwa wojambula chigamba chili poonekera. Wopanda jekete amabwereka, woguluka dzino amatseka pakamwa. Amayi anga anajambulidwa kamodzi kokha moyo wawo wonse, ndipo dzanja lawo lopsa ndi moto analibisa kumbuyo. Chithunzi kwa ife ndi ulemu. Kumupatsa munthu wamkulu chithunzi choonetsa chilema cha katundu wake kukanakhala ngati kumunena pagulu kuti sasamala zinthu. Mnzathu uja anakweza mapewa n'kutenga kaburashi kake. Anagwira masiku awiri, kadontho ndi kadontho, mpaka mtengo uja unasalala ngati sunakhudzidwepo chipangidwire.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri, bambo anabwera nacho okha ku Bethesda nthawi ya nkhomaliro, chili mufelemu yakuda. Anachipereka ndi manja awiri, atawerama pang'ono, kenako anaima pambali manja ali kumbuyo akudikira kuyamikiridwa. Agogo anachiika pamiyendo n'kuyamba kusita ndi galasi lawo lija, kuchokera kukamwa kwa mipope, kudutsa pa tiabakha tija, mpaka kumtengo. Atafika pamenepo anaima. Anabwerera, anapitanso, anabwereranso.

"Chithunzi chabwino kwambiri," anatero. "Mfuti yabwinonso. Ndi ya ndani?"

Bambo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

"Ndi yanu, agogo."

"Ayi. Iyi ndi ya m'sitolo. Yanga ili ndi bala apa." Anagogoda ndi chala pagalasi, n'kuwabwezera felemuyo. "Zikomo, mwayesetsa. Loweruka galimoto ija ndikwera ndine."

Ndinathamangira m'chikwama changa n'kutulutsa kachithunzi kakang'ono kosakonzedwa kaja. Anakayang'ana ndi galasi, anakasendeza pafupi ndi mphuno, n'kupukusa mutu. Chipsera chimene ife tinkachiona, kwa maso awo chinali kamzere kosowa, poti chikatoni changa chija chinali chitafewetsa mthunzi wake wonse. Ndinalowa m'khitchini n'kutsegula madzi a pampopi kuti asamve kuti ndikulira. Ndinawakwiyira amuna anga, ndinamukwiyira mayi wothawa uja, ndinaikwiyira kampani, koma mkwiyo waukulu unali pa ine ndemwe. Safunsa adadya phula, ndipo phulalo linali m'kamwa mwanga.

Nditatuluka ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kufunsa funso limene ndikanayenera kuyambira.

"Agogo, bala limenelo linabwera bwanji?"

Anayamba aseka kaye. Anati kalekale, ukwati wawo udakali wa zaka zochepa, anadzuka m'mamawa n'kupita kokasaka abakha ndi anzawo, osakumbuka kuti tsikulo ndi lokumbukira ukwati wawo. Anabwerera madzulo ndi abakha awiri, akuimba mluzu. Akazi awo anawachingamira pagalimoto atavala diresi yopitira kokadya, imene anaivala kuyambira masana. Anangogwira chitseko cha galimoto n'kuchimenyetsa ndi mphamvu zawo zonse, mfuti ili chotulukira kunja. Anatha masiku atatu osawayankhula. Abakha aja anawaphika ndithu, koma akaziwo anadya okha abakha onse awiri.

"Kuyambira pamenepo, ndikaika tsaya pamtengopo ndinkamva bala lija, ndipo tsikulo sindinaliiwalenso. Wokonza mfuti anafuna kulitseka, ndinakana." Anakweza dzanja kuloza makoma. "M'nyumba muno zithunzi zake zilimo zambiri, zonse akumwetulira. Koma mkazi wanga sanali womwetulira tsiku lonse. Anali waukali ngati iweyo. Ukali wake unatsala pamenepo pokha."

Bambo a kunyumba anavula kamera pakhosi n'kuiika patebulo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita pamaso pa anthu. Anapita pakhoma, anasisita chipseracho ndi chala, kenako anafunsa kuti ndi windo liti m'nyumbamo limene limalandira dzuwa likangotuluka. Ndinawauza kuti la kuchipinda chogona.

"Koma bambo, mnzanu uja anati dzuwa ayi."

"Mayi, ine ndimayendetsa galimoto. Dzenje la mumsewu masana silioneka, umangomva wagweramo. M'mawa dzuwa likadali pansi, kadzenje kalikonse kamadzaza mthunzi. Mawa chikatoni chanu chisiyeni." Anatembenukira kwa agogo. "Ndipatseni tsiku limodzi lokha."

Aka kanali koyamba kuwamva akunena za kujambula mawu amene sanabwereke kwa munthu, ndipo ndinawamvera.

Lachisanu tinafika kusanatenthe, udzu udakali ndi mame. Tinayala bulangete lija pansi m'chipinda chogona, pamene dzuwa linkalowa chopingasa. Bambo anagona chafufumimba, suti ya kuntchito ili m'thupi, tayi ataiponya kumsana. Kamera inakhala pa buku limodzi lokha, pafupi kwambiri, moti m'chithunzi munkalowa mtengo wa mfuti ndi chiyambi cha mipope basi. Ine ndinkatembenuza mfutiyo pang'onopang'ono, iwo akusuzumira. Agogo anakhala pamphepete pa bedi akulamula ngati kapitawo, ngakhale sankaona chimene tinkachita.

"Imani pomwepo!" anakuwa bambo.

Ndinayang'ana. Dzuwa linadutsa chokwawa pamtengo paja, ndipo chipseracho chinadzaza mthunzi, chakuda bii pakati pa mtengo wowala. Anamaliza filimu yonse pa malo amodzi omwewo, n'kudzuka suti ili ndi ubweya wa bulangete kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo. Anapita choncho kuntchito, atadutsira kusitolo kwa mnzathu uja. Iye anamvetsera nkhani yonse osaseka, ndipo analonjeza kuti achikuza kuposa choyamba, chakuda achidetsa, chowala achiwalitsa, ndipo kaburashi kakhala m'dilowa.

Loweruka mkamwini wawo anafika msanga, cha m'ma teni. Anali munthu wamkulu thupi, waulemu, wooneka kuti ntchito imene anatumidwayo sakuikonda. Analowa ndi chikwama chachitali choikamo mfuti, koma posuzumira pawindo ndinaona kuti kumpando wakumbuyo kuli masutukesi awiri. Agogo anali atakhala kale pampando wawo, atavala chikhoti ndi chipewa, mfuti ili chopingasa pamiyendo. Bambo a kunyumba anali asanafike. Ndinapereka khofi, ndinaperekanso wina, ndinafunsa za ana, za msewu, za nyengo ya kwawo. Mkamwiniyo ankangoyang'ana wotchi. Mumtima ndinali nditawatukwana kale amuna anga mpaka mtundu wawo wonse.

Anatulukira itadutsa leveni, thukuta lili kamukamu, opanda tayi, felemu ili m'khwapa. Ulendo uno sanawerame, sanaike manja kumbuyo. Anangoiika pamiyendo pa agogo, pamwamba pa mfuti, n'kubwerera kukaima pakhomo ngati munthu wokonzeka kuthawa. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndiwapatse agogo galasi lawo, koma sanalilandire. Anakweza chithunzicho pafupi ndi nkhope, ndipo chala chawo chinapita chokha, osasochera, n'kukaima pa chipsera chija.

"Ndi ameneyu," anatero.

Anakhala choncho kwa kanthawi, chala chili pomwepo. Kenako anavula chipewa n'kundipatsa kuti ndikachipachike. Ananyamula mfuti ndi manja awiri n'kuipereka kwa mkamwini wawo osamuyang'ana.

"Tulukira nayo khomo la kumbuyo," anatero. "Ndipo chitseko cha galimoto utseke bwino."

Mkamwiniyo sanamvetse chifukwa chimene ine ndinasekera misozi ili m'masaya. Bambo a kunyumba anapempha hamala n'kupachika chithunzicho pamene panali mfuti, koma agogo anati chitsike, chifike pamene dzanja lawo lingafike atagwira ndodo. Kuyambira pamenepo bambo akhala akufotokoza nkhaniyi pamaphwando onse, ndipo chaka chilichonse mnzathu wa ku Zambia amacheperachepera m'nkhanimo, moti masiku ano amangotchulidwa ngati munthu amene anagulitsa felemu. Ndimawasiya. Dzuwa lija analipeza okha.

Agogo anakhala m'nyumba yawo zaka zina ziwiri ndi miyezi, ndipo anamwalirira pabedi pawo. M'zaka zimenezo, m'mawa uliwonse ndikafika ndinkapeza chidindo cha chala pagalasi la chithunzi chija, pamalo amodzi omwewo. Masabata oyambirira ndinkachipukuta, poti ukhondo wa m'nyumba unali ntchito yanga, ndipo mawa lake ndinkachipezanso. Tsiku lina ndinaima pamenepo kansalu kali m'manja, ndikuyang'ana, mpaka manyazi anandigwira. Ndinapukuta felemu m'mbali monse, pakatipo ndinasiya.